Amene Ananenera AuntyBouncer

[16:02] Shahzeb: alamu, console munatipatsa pa ukwati ija yayaka koma magemu onse ali ndi loko

[16:02] Shahzeb: anzanga akubwera 8pm kudzasewera cricket. ndadzitama kale, biryani ndaoda kale

[16:05] Danyal: ife tinakupatsani bokosi alamu. magemu si athu

[16:05] Shahzeb: munaba??

[16:06] Danyal: tinagula. koma agreement imati ukagula wangobwereka, ndipo sachoka pa account ya mwini wake

[16:07] Shahzeb: ndipita kukhoti la ogula. ndili ndi ufulu ine

[16:07] Danyal: poyatsa munadina agree?

[16:08] Shahzeb: aliyense amadina. amawerenga ndani zimasamba zonse zija

[16:09] Danyal: ndiye ufulu wanu unathera pachala pomwepo 😂 dikirani ndiike mwini account

Danyal waika Mehwish m'gulu

[16:11] Shahzeb: mkazi wanga?? Mehwish, umasewera iwe?

[16:34] Shahzeb: jaan, wachikondi wanga?

[17:15] Mehwish: sry ndinali kwa telala ndi mayi. account yanga kampani yaitseka dzulo. wina wandinenera katatu kuti ndimabera

[17:16] Mehwish: akamukhulupirira magemu onse apita, sabweza kanthu. ndalira mpaka mayi akuganiza kuti apongozi ayamba kale kundizunza

[17:17] Shahzeb: chitsiru chimenecho ndani? ndipatse dzina, chiona

[17:17] Mehwish: ShazKing_Lahore

[17:41] Danyal: alamu, ShazKing ameneyu si inuyo?

[17:55] Shahzeb: AuntyBouncer uja wa pa cricket ya online ndiwe?

[17:56] Shahzeb: 🎤 voice note (1:48)

[17:59] Danyal: ndamvapo "network" kasanu ndi "chala chinaterereka"

[18:00] Mehwish: katatu konse munatuluka osamenya run ndi imodzi yomwe. network inalakwanji?

[18:01] Shahzeb: jaan, za m'banja tikambe awiri plz

[18:03] Mehwish: lemberani kampani kuti sindinabere, inuyo ndinu osatha kusewera basi

[18:03] Mehwish: muikenso pa group ya anzanu aja. ndikufuna screenshot

[18:04] Shahzeb: amanditchula captain, Mehwish

[18:04] Shahzeb: palibe njira ina?

[18:05] Mehwish: ilipo. mudye biryani mukuyang'ana loko

[18:06] Danyal: iyi agreement muwerenge kaye alamu

[18:52] Shahzeb: 📷 screenshot

[18:52] Shahzeb: agree

[18:54] Mehwish: mwalemba "kawiri". konzani