Mwala Wanga Wabwerera Utada ndi Mwaye

Aphungu,

Nkhani iyi ngakhale mwamuna wanga sakuidziwa, ndiye mundimvere chisoni.

Kwathu kuno kumunsi kwa mzinda wa Semarang msewu anaukweza katatu pothawa madzi osefukira, nyumba zathu n'kutsalira m'dzenje. Kukhitchini timachita kutsika masitepe awiri. Tonse timaphikira timasilinda ta gasi tobiriwira tija timati mavwende, ndipo aliyense amadziwa kuti vwende likamalira kuti siii polumikizira regiyuleta, umangokulunga labala pakamwa pake n'kupsinja ndi mwala. Ine ndakula ndikuona zimenezo.

Mu Januwale mnansi wanga Wartini, yemwe ankagulitsa tempe yokazinga, chakudya chopangidwa ndi soya, anabwera kudzadandaula kuti vwende lake likulira. Ankafuna kukalibweza kwa wogulitsa. Ndinamuseka. Ndinati, "Iwe Wartini, mvula yonseyi ukavumbwe chifukwa cha kamphepo kameneko? Wayamba liti uzungu?" Ndinatenga mwala wanga woperera tsabola, n'kukauika ndekha pamwamba pa vwende lakelo. Kulira kunaleka. Iye anaseka n'kunena kuti ndine dokotala.

Patapita masiku atatu kunagwa chimvula cha mkuntho masana. Magetsi anazima, ngalande zinasefukira ndi fungo lake lija, ndipo tonse tinatseka mawindo n'kutsekera nsanza kunsi kwa zitseko. Magetsi atabwera cha m'ma 4 koloko, Wartini anatsikira kukhitchini n'kudina swichi. Kuphulika kwake ndimakumvabe mpaka lero. Anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi osayankhula, kenako anatisiya.

Anthu akuti inali mphezi. Apongozi anga akuti linali tsiku lake. Pa mapemphero a tsiku la makumi anayi chimwalirireni Wartini, mwamuna wa malemu, bambo Sarwoto, anandiitanira pambali n'kundipatsa mwala uja atakulunga m'nyuzipepala, utada ndi mwaye. Anati, "Uwu ndi wanu, eti mayi? Ndaupeza m'phulusa. Malemu ankakukondani, simunkamumana kanthu."

Aphungu, ndinalakalaka nthaka itandimeza. Tsono sabata yathayi vwende lathu nalo layamba kulira, ndipo apongozi anga, omwe ndi eni nyumba, autsuka mwala womwewo n'kuuika pamwamba. Nditayesa kuwaletsa anandiuza kuti anayamba kuphika chonchi ine ndisanamere mano, komanso kuti mtengwa saphunzitsa mwini khitchini. Mphuno zawo zinasiya kale kumva fungo. Mwana wanga Ningsih, wa zaka ziwiri, amagona masana pamphasa m'munsi mwa masitepe aja chifukwa m'pozizira. Ndimamuchotsa, iwo n'kumubwezera pomwepo ndikapita kumsika. Mvula nayo sikuleka.

Kuti andimvere ndiyenera kuulula zimene ndinachita kwa Wartini, ndipo mzere wonse wa nyumba zathu udziwa kuti ndine. Ndikuopa. Ndichite chiyani?

R.K., Semarang

Mayi R.K.,

Musanapitirize kuwerenga, kazimitseni sitovu, muchotse regiyuleta, vwendelo mulitulutse panja pomwe pakupita mphepo, kutali ndi moto. Zinazo tikamba mukabwerako.

Mwala suletsa gasi kutuluka, umangochepetsa phokoso. Ndipo gasi ameneyu sakwera kudenga ngati utsi. Ndi wolemera, amatsika n'kudikha pansi ngati madzi, choncho khitchini yanu yam'dzenjeyo ndi beseni lake. Amayamba kudzaza pamene pamagona Ningsih. Mphasayo ichoke lero, isadzabwererenso.

Vwende lolira limabwezedwa kwa wogulitsa, kaya kukugwa mvula ya matalala. Kawirikawiri vuto limakhala kalabala ka mkati mwa kamwa lake, kakatha kapena kakasowa. Latsopano likabwera, pakani thovu la sopo polumikizira ndi papaipi yonse. Thovu likamatukusira, gasi akutuluka. Paipi yong'aluka ndi regiyuleta yokhwepa sizimangidwa ndi labala, zimagulidwa zina.

Mukamva fungo kapena kulira, musayatse machesi, musakhudze swichi iliyonse ngakhale yozimitsa, musayatse fani, foni mukaimbire panja. Tsegulani zitseko ndi mawindo ngakhale mvula ilowe, tulutsani aliyense, ndipo fungo likapitirira itanani ozimitsa moto. Mkuntho ukamabwera, chotsani regiyuleta musanatseke nyumba, vwende muliimike pamalo okwera ndi kulimangirira kuti madzi asaligwetse. Fungo la ngalande limabisa la gasi, ndiye pa tsiku la madzi musadalire mphuno. Sitovu yomwe inamira ionedwe ndi wodziwa musanaiyatse.

Tsopano za Wartini. Sindikunamizani kuti mwalawo ulibe mbali pa imfa yake. Koma munamupatsa chimene inunso munapatsidwa, ndipo munamupatsa mwa chikondi. Tsiku lija simunkadziwa. Lero mukudziwa, ndipo chimene chingachitike m'nyumba mwanumo simudzatha kunena kuti inali mphezi.

Yambani ndi amuna anu, muwauze zonse, kenako mupite nawo kwa apongozi. Si nkhani ya mtengwa ndi mwini khitchini iyi, ndi ya mdzukulu wawo. Akakana, tengani mwana mukakhale kwa abale mpaka mwalawo utachoka. Bambo Sarwoto nawo amve kuchokera pakamwa panu, osati kumsika. Mwina adzakwiya, ndipo ali ndi ufulu wokwiya. Mukatero, nyamulani mwalawo mupite nawo ku msonkhano wa amayi a mumzere wanu, mufunse kuti ndi angati ali ndi wotere pa vwende lawo. Mudzadabwa kuchuluka kwa manja amene adzakwezedwe.

Adzakunenani, inde, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Apongozi akhoza kukhala mwezi wathunthu osakuyankhulani, koma mwezi umatha. Maliro a mwana wa zaka ziwiri satha mumtima.

Ndipo kumbukirani, mayi: vwende lolira likukuchenjezani. Loopsa ndi lija mwalitontholetsa.

Aphungu