Sikelo Yodikira Blantyre

Lachitatu madzulo. Mtima sukukhazikika.

Pulogalamu yomwe ndinalembera kampani yathu ya tiyi yandichititsa manyazi lero. Wothyola akaika dengu pasikelo, kompyuta imayamba yafunsa seva, kompyuta yaikulu ya ku Blantyre, isanalembe makilo. Mvula itagwa, netiweki inathawa, mzere wa othyola n'kuima.

Mayi Namakhwa, wothyola wachikulire, anandifunsa atanyowa: "Achimwene, sikelo ili pano, tiyi ali pano. Ku Blantyre mukufunsako chiyani?"



Ndikufuna gawo la pulogalamu lolemba makilo lichoke ku Blantyre, likhale m'kompyuta ya pasikelo pomwepo. Abwana akukana. Akuti tikalimwaza m'minda yonse, likadzalakwika ndidzayenda munda ndi munda kukalikonza. Chondiwawa n'chakuti nawonso akunena zoona. Akufuna yankho langa mawa m'mawa, ndipo sindinasankhe kulisamutsa kapena kulisiya ku Blantyre.