Galimoto ya a Tcheyamani

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha, basi. Tsiku lonse sindinamve kanthu, ngakhale njala.

M'mawa dalaivala wa a tcheyamani a chipani anabweretsa kugalaja komwe ndimagwira ntchito galimoto yawo ija yosintha yokha magiya. Akuti pochokera ku Chipoka imalira nthawi yaitali isanalowe giya yachiwiri, kenako n'kudzidzimuka ngati yagundidwa kumbuyo. Ndi galimoto yomweyi imene inaima pakhomo pathu mwezi watha, tsiku limene anthu a chipani anadzatenga achimwene anga chifukwa cha mawu omwe analankhula pamowa.

Ndinasolola kandodo koyezera oyilo wa giyabokosi. Oyilo anali wochepa, wakuda, wonunkha kupserera. Dalaivala anati amayeza m'mawa uliwonse asanalize injini, monga ankachitira pa lole. Ndinamuuza kuti uyu amayezedwa injini ikulira, itatentha. Ikakhala yozima, kandodo kamanama kuti ngwodzaza.

Ndinakhuthula wakaleyo, n'kutsuka sefa, n'kuthira wofiira watsopano. Poyesa mumsewu wa ku Khombedza magiya ankalowa osamveka n'komwe.

A tcheyamani anabwera okha kudzaitenga. "Aphiri, manja anuwa ngodala," anatero. Ndinavula chipewa n'kuti zikomo bwana. Za achimwene sindinafunse.

Kunyumba ndinapeza alamu akundidikira pakhonde, mwana ali kumsana. Anafunsa ngati ndamvako chilichonse za amuna awo. Ndinati ayi.

Sindinawauze kuti galimoto ija tsopano sichedwanso.