Ndinamugwira phewa ali chitsinzinire

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo lija likuvutabe mukamapalasa njinga? Ine ndilipo, koma musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi. Chala chapakati cha dzanja lamanja chinathyoka, ndipo nkhani ya chalacho ndiyo yandilembetsa kalatayi.

Paja mukudziwa kuti ndimaphunzitsa yoga, ija mumaiseka kuti ndi ntchito yogoneka madoda pansi dzuwa likuswa mtengo. Lachitatu lililonse m'mawa ndimakhala ndi abambo asanu ndi atatu amene anatulutsidwa kundende nthawi yawo isanathe. Akangolakwa pang'ono, amabwerera komweko. Timakumana m'chipinda chapamwamba pa ofesi ya bungwe, cha windo limodzi ndi fani yosazungulira. Ndimawaphunzitsa kudziwongola, kukoka mpweya pang'onopang'ono, ndi kuuona mkwiyo ukubwera usanafike m'manja.

Pomaliza onse amagona chagada, maso ali chitsinzinire. Kumene ndinaphunzira ntchitoyi, mphunzitsi amayenda mwakachetechete n'kumakanikiza mapewa a aliyense kuti thupi limasuke. Koma kwa anthu awa lamulo ndi lakuti uyambe wafunsa. Ndimalidziwa ngati dzina langa. Tsikulo ndinaiwala.

Pali mmodzi wowotcherera zitsulo, anzake amamutcha Wazitsulo. Ndi munthu wamanyazi, amafika woyamba n'kuyala timphasa ta onse. Ndinaona mapewa ake ali gwa, ndinamudzera kumutu ndilibe nsapato, n'kumugwira.

Achimwene, sindinaone kuti wadzuka bwanji. Ndinangozindikira dzanja lili pakhosi, mutu wanga wamenyetsedwa pansi, m'maso mwachita mdima. Koma sizinatenge nthawi. Atangoona kuti ndine, anandisiya, anagwada manja ali m'mwamba, akupepesa.

Chotsatira ndicho ndinabisa masiku asanu. Pafupi panali kachipika kathabwa kamene timatsamira podziwongola. Ndinakatola. Ndinamumenya nako pamphuno, ndinamva fupa likuti phwa. Ndinamumenyanso pakamwa, dzino linagwera pamphasa. Iye sanatchinge n'komwe. Ndinapitiriza, kaya kasanu kaya kangati, mpaka chala changa chinapanikizika pakati pa chipikacho ndi chipumi chake. Anandichotsapo ndi anzake awiri, ndipo akuti mmodzi ndinamuluma. Ine amene, mphunzitsi wa mtendere.

Abwana atafika anapeza magazi okhaokha pamphasa, khosi langa lili ndi zidindo za zala. Sanafunse zambiri. Anati munthu wotere sasintha, n'kundipatsa chikalata choti ndisaine kuti anandiukira popanda chifukwa, ine ndinkangodziteteza. Abambo enawo anangoti duu, nanga akanawamvera ndani? Ngakhale Wazitsulo yemweyo, ali kuchipatala, anauza apolisi kuti wolakwa ndi iye. Ndikanasaina, akanabwerera kundende zaka zina zitatu, mwana wake wamkazi atangoyamba kumene kumuzolowera.

Ndinayenda nacho chikalatacho m'chikwama, ndikudzinamiza kuti paja anayamba ndi iye. Koma mukukumbuka mmene abambo athu ankatidzutsira ndi lamba, ndi mmene ankapitirizira ife titatopa kale ndi kulira. Inu munkanditchinga ndi msana wanu, zipsera muli nazo mpaka lero. Ine ndinathawira kuno, zaka khumi ndikukoka mpweya ndi kuutulutsa, ndikumati abambo tinawasiya kumanda. Achimwene, dzanja limene linatola kachipika kaja linali lawo. Ndinalizindikira, ndipo ndinachita mantha kuposa pamene ndinakanyangidwa pakhosi.

Lolemba ndinabweza chikalatacho chosasaina, n'kufotokoza zonse pamaso pa abwana ndi wapolisi amene amayang'anira Wazitsulo. Abwana anandifunsa kawiri ngati ndikudziwa chimene ndikutaya. Ntchito yatha, ndipo mwina mlandu ugwera ine. Wazitsulo sabwerera kundende. Ndinapita kukamupepesa kwawo, ndinaima pakhomo n'kuyamba ndafunsa ngati ndingalowe. Milomo yake inali yosokedwa. Anangondikokera mpando.

Chopempha changa ndi chimodzi. Zikatha izi ndibwera kudzakhala mwezi kwa amayi. Ndikudziwa kuti lamba uja akadali pamsomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo, iwo amati ndi chikumbutso. Musamutaye mobisa monga munanenera chaka chatha. Ndikufuna tidzamutsitse ife awiri, masana, amayi akuona.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndinavulala kuntchito, zinazo ndidzanena ndekha. Moni kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa ana onse. Mukamawadzutsa anawo kuti apite kusukulu, muziyamba mwawaitana maina muli pakhomo.

Ndine mlongo wanu,
uja munkamutcha Wofatsa