Tsiku limene anatulutsa mipando atate ali moyo

Amayi anga, kaya kumeneko mwadzuka bwanji?

Ine kuno ndikulephera kukhazikika. Kalata iyi ndayiyamba katatu, ndikalemba mizere iwiri ndaimirira, ndakasesa pakhomo posesa kale. Mukanakhalapo mukanati, "Dailesi, khala pansi, mpandowo suluma." Ndakhala tsono. Ndipo ndikulemba m'Chichewa chakwathu, chifukwa ndikudziwa kuti ndikayamba manje-manje ndi vinthu-vinthu za m'tauni muno mutseka makutu.

Ndiyambe ndi zabwino. Mkazi wa achimwene a Yotamu anachira, mwana wamkazi wa masaya, ndipo anatenga mphumi yanu yotuluka ija. Madzi a chaka chino analowanso m'Kanyama muno mpaka pa sitepe yachiwiri, koma nthanga za maungu munasiya m'chitini zija ndinabzala pamtunda kuseri kwa nyumba, ndipo nkhwani tadya mpaka kugawirako anzathu. Ufa ndiye musafunse. Umaima pa mzere mpaka miyendo kutupa, ukafika pa kauntala akuti watha, mubwere mawa. Sopo timamuona ngati mlendo. Atate ali monga munawasiyira, dzanja ndi mwendo wakumanzere sizinabwerere, amakhala kuchipinda ndipo mawu amatuluka limodzilimodzi.

Fakitale yathu ya mabulangete ku Indasitiriyo inatseka geti patangopita miyezi itatu chichokereni inu. Ndinakhala pakhomo milungu ingapo, ndinaona kuti ndipenga. Ndiye ndinakalembetsa maphunziro osoka ku koleji yathu ya m'dera, ija ili kuseri kwa msika. Inde amayi, ine ndi imvi zanga ziwirizi ndimakhala pa benchi limodzi ndi atsikana oti ndikanawabala.

Nkhani yanga ili pamenepo. Kolejiyo yakonza mwezi wa zisudzo ndi zaluso, Loweruka lililonse kwa milungu inayi. Loweruka likubwerali ndi sewero lalikulu, kenako magule a kwathu ndi a kumpoto, kenako makwaya ndi ndakatulo, potsiriza chionetsero cha zojambula ndi zosoka zathu. Mapepala kulibe, moti ndondomeko yonse tailemba pa matumba a simenti n'kukakhoma pa msika ndi pa mpopi. Makatani tasoka a matumba a ufa. Akuluakulu a koleji anena poyera kuti Loweruka loyambali holo ikakhala mbee, aipereka kwa wamalonda aziikamo mabelo a salaula, zovala za kaunjika zija, zisudzo zithere pomwepo.

Ine ndinalowamo ngati wosoka zovala chabe. Seweroli analemba ophunzira okha, ndi la mayi wina wa m'tauni amene uthenga wa maliro a amayi ake unamupeza mochedwa, mabasi kulibe, n'kukafika kumudzi ataika kale. Mtsikana amene anamupatsa mbali imeneyi amati akayamba kulira, mapeto ake n'kuseka. Tsiku lina ndinawakalipira ana osewerawo chifukwa chopondaponda makatani anga, ndipo aphunzitsi a zisudzo, a Chanda, a ku Kopabeti kumigodi kuja, anatembenuka n'kunena kuti, "Ba Dailesi, imwe ndimwe muli na mawu. Aba bana balira monga bafuna maswiti." Mbaliyo ndinaikana masiku awiri, lachitatu ndinavomera. Kukana kwanga mumakudziwa.

Mawu onse ndinaloweza msanga, koma pofika pogwada pa manda paja, pakhosi pamauma gwa. A Chanda amadikira, ana amayang'ana pansi, ine ndili duu. Iwo ankayesa ndi manyazi. Sanali manyazi, amayi, ndipo lero ndikuuzani chimene mwina munachiona nokha: pa maliro anu sindinalire. A Yotamu anali ku Kitwe, atate ali chigonere. Amene anathamangira bokosi ndi ine, lole ndi ine, nkhuni ndi ine, mzere wa ufa wodyetsa anthu ndi inenso. Pamene ndimadzakhala pa mphasa pambali panu, mutu unali kuwerenga mbale. Ndinafunda chitenje kumaso kuti asaone, koma azakhali anaona, ndipo ndinawamva akunong'oneza anzawo kuti mwana uyu tauni inamuumitsa mtima. Chaka chatha ndi miyezi mawu amenewo akundiyenda m'thupi.

Lachiwiri la sabata yatha ndinaweruka msanga. Dzuwa linali likali pamutu, atate atadya phala n'kugona. Ndinati ndiyeserere ndekha pabalaza, motsitsa, popanda maso a ana aja. Ndinatseka chitseko, ndinagwada pambali pa tebulo. M'sewero ndimayenera kunena kuti, "Amayi, ndafika mochedwa." Ndinanena kamodzi, palibe. Kachiwiri, palibe. Kachitatu maso anga anagwera pa msomali uja munkapachikapo chikwama chanu cha ku maliro, ndipo sindikudziwa chimene chinatseguka. Ndinangomva mawu akutuluka, aakulu, osakhala a m'sewero ayi. Ndinakuitanani ndi mfunda wanu, Nabanda, ndinakuuzani za lole, za mbale, za zonse. Ndinagubuduka pansi osadziwa kuti ndili pati.

Tsono inu ndi amene munaphunzitsa amayi a mu mzere wathu uno. Munkati, "Ukamva kulira usafunse kuti ndani, tenga chitenje, ukafunsira komweko." Anamvera, amayi, anamvera bwino! Woyamba anali amake Bwalya a khomo loyandikana nalo. Anakankha chitseko akulira kale, anandigwira m'chiuno, ndipo ine poona munthu wondigwira ndinangowonjezera. Aliyense m'Kanyama akudziwa kuti m'nyumba muno muli nkhalamba yodwala, ndiye panalibe wofunsa. Posakhalitsa pabalaza panadzaza. Amuna anatulutsa sofa, tebulo ndi kabati monga timachitira kuti amayi apeze pokhala. Wina anabwera ndi chipika cha moto, wina anathamanga kukauza a Yotamu kuntchito, wina anayambitsa nyimbo yanu ija munkaikonda. Ine ndikumva zonsezi, ndikufuna kunena kuti dikirani, koma mawu osabwera, kulira kokhakokha.

Amake Bwalya ndi amayi ena awiri anati alowe kuchipinda akakonze thupi asanafike akuluakulu. Anangotsegula katani, n'kupeza atate atakhala tsonga pa bedi, atavala chipewa chawo, akuwayang'ana. Mayo ine! Amake Bwalya anatuluka chafutambuyo, anagwera pa anthu, nyimbo inadukira pakati. Ena anathawa osatenga nsapato. A Yotamu anafika atang'amba kale malaya pothamanga, n'kupeza malemu akupempha madzi akumwa.

Mukuseka, ndikudziwa. Msika wonse ukuseka mpaka lero, ana akandiona amagwira kumutu n'kumati mayo, mayo. Koma m'nyumba muno simunasekedwe. A Yotamu anandiimika panja pamaso pa anthu. Anati kulira maliro m'nyumba mopanda maliro ndi kuitana imfa, ndipo ndaiitanira pakhomo pamene pali wodwala ndi khanda. Anati ndikakwera pa nsanja ija Loweruka, iwo ndi ine chibale chatha. Amayi a kutchalitchi anabwera m'mawa mwake kudzapemphera, ndipo pochoka anandiuza mofatsa kuti zisudzozo ndizisiye. Ndikanatha kulimbana nawo onsewo, pakamwa panga mumapadziwa. Chimene chinandithyola ndi atate. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundiyankhula. Ndikabweretsa phala amatembenukira kukhoma, amadya pokhapokha awapatse mlamu wanga. Ndinadziwa chimene akuganiza: kuti mwana wawo watopa nawo, wayamba kale kuyeserera.

Sabata yonse ndakhala ngati nkhuku yofuna poikira. Ndikapita ku koleji, a Chanda akuti palibe wina angaloweze mbali yanga m'masiku otsalawa, ndipo ana aja, amene ena amabwera osadya, akundiyang'ana. Ndikabwera kunyumba, msana wa atate. Ndinasoka mkono wa diresi mozondoka kawiri. Lolemba ndinanyamuka kuti ndikawauze a Chanda kuti ndasiya, ndinafika pa geti, ndinabwerera. Ndinanyamukanso kuti ndikawauze atate kuti sindisiya, ndinafika pa katani, ndinabwereranso. Ndinakwiya ndi aliyense, ngakhale inu, chifukwa mukanakhalapo mukanaithetsa nkhaniyi ndi mawu awiri.

Dzulo masana ndikupukuta pansi kuchipinda kwa atate, ndinangomva, "Iwe." Ndinasiya chisanza. Anayamba ndi kudandaula, kuti pa maliro awo aja anasuzumira pa zenera, ndipo a Sakala, mnzawo amene anagwira naye ntchito zaka zonse zija, sanaoneke, chonsecho amakhala mizere itatu yokha ya nyumba kuchokera pano. Anatinso amene anatulutsa kabati anaikoka m'malo moinyamula. Ndinati pepani atate.

Kenako anati, "Sunali kulira ine. Ndinamva. Unati Nabanda."

Ndinavomera. Ndinawauza zonse ndakuuzanizi, za pakhosi pouma, za azakhali. Ndimayesa andikalipira. Iwo anati sanakwiye chifukwa cha mipando, kapena chifukwa choyesedwa wakufa, poti munthu wogona chaka chonse amazolowera zimenezo. Chinawapweteka n'chakuti tsiku limene munanyamulidwa, iwo anali pa bedi lomwelo, osatha kuimirira, akutchera khutu kuti amve mawu a mwana wawo wamkazi akukuperekezani, ndipo sanawamve. Anaganiza kuti mwina munapita tili pa mkangano umene iwo sakuudziwa. Anasunga zimenezo osandifunsa. Tsono kulira kuja atakumva, n'kudzamvanso kuti kunali kokonzekera sewero, anaona ngati chinthu chanu ndakapereka kwa anthu ogula matikiti.

Ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti yonyowa, ndinagwira phazi lawo lakufa lija.

Atate anati za a Yotamu ndiwasiyire iwo, mwini nyumba akali moyo ndipo Kanyama yense ndi mboni. Anati Loweruka ndipite, ndikawathandize ana aja holo yawo isasanduke sitolo. Koma anaika lamulo limodzi, ndipo ananena mawu onse bwinobwino osakakamira ngakhale pamodzi: anthu a mu holo asamve kulira kumeneko mwini wake, ndiye inuyo, asanakumve pafupi. Ndipo anati iwonso manda anu sanawaonepo.

Ndiye mawa, Lachisanu, tikubwera. Wilibala ndabwereka kwa amake Bwalya, amene akali ndi manyazi moti anaitsuka ndi sopo wawo weniweni. Ndiyalamo bulangete, tiwakankha atate mpaka ku msewu waukulu, kuchokera apo minibasi ikapezeka. A Yotamu sanandiyankhulebe, koma m'mawa uno ndawaona akupopa tayala la wilibalayo. Jekete la atate ndasita. Khasu ndatenga, chifukwa ndikudziwa kuti udzu wakula, ndipo mundikhululukire pa chimenecho.

Mantha ndili nawo. Sindikudziwa ngati pakhosi patseguke ndikaima pamenepo kunja kutayera, atate akundiyang'ana. Mwina ndiumanso gwa. Ndawauza atate zimenezi, ndipo ati palibe kanthu, tikhala pomwepo mpaka zibwere, alonda a kumanda akafuna atithamangitse.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndinkakukondani tsiku lija ndikuwerenga mbale. Za Loweruka zidzaoneka Loweruka. Mawa musapite kutali, tifika dzuwa lisanakwere, ndipo sindichokapo musanandimve.

Ndine mwana wanu,
Dailesi