Dayodi ya mwana wanga yayang'ana kolakwika

Aphungu,

Ndine bambo wokonza mawailesi ndi ma TV, ndipo sindinganame, moyo ukundikomera. Kashopu kanga n'kakang'ono koma anthu sasowa. Chondinyaditsa kwambiri ndi mwana wanga wamkazi, amene akuphunzira zamagetsi kukoleji. Uyu anakulira pansi pa tebulo langa akutola timawaya.

Pa mayeso ake amuuza kuti apange kachipangizo kotulutsa mafunde a magetsi ooneka ngati mano a sowo, koma otembenuka: mphamvu ikwere kamodzi n'kamodzi, kenako izitsika pang'onopang'ono. Iye walumikiza tizida tamagetsi izi: kachipu, kapasita, marezisita awiri ndi dayodi. Kawotchereredwe kake n'kaudongo kuposa kanga. Koma akaika pa makina anga oonera mafunde, mano aja akuyang'ana kwina: mphamvu ikukwera pang'onopang'ono n'kugwa mwadzidzidzi.

Ine vutolo ndinaliona nditaima pakhomo. Dayodi waiika chotembenuza, kamzere kake kali mbali yolakwika. Nditangotambasula dzanja anandigwira pamkono.

"Ababa, chonde musakhudze. Kalasi yonse imati mumandipangira ndinu. Ichi chokha ndichite ndekha."

Mayi ake nawonso anangoseka. "Makani amenewa mukudabwa nawo? Si anu omwe?"

Mayeso ayandikira, ndipo mwana akungosintha marezisita osalakwa. Kachipangizoko amakasiya pa tebulo langa akamapita kusukulu. Manja akundiyabwa, Aphungu. Ndingotembenuza mwakachetechete kuti asalephere?

Bambo wonyadira mwana

Bambo,

Choyamba, zimitsani chowotcherera chanucho. Ambiri amandilembera kuti ana awo akuthawa ntchito ya makolo. Wanu akukulandani tebulo, ndiye vuto lanu ndi lokoma.

Zamagetsi sindizidziwa ngati inu, koma ndafunsa odziwa. Akuti kapasita ili ngati ndowa. Pa mano otembenuka, ndowayo izidzaza msanga ndi mpope waukulu, n'kumatha pang'onopang'ono kudzera pa kabowo. Dayodi ndiyo imasankha mbali imene njira yachidule ikhale. Ya mwana wanuyo ikuthandiza kukhuthula m'malo mothandiza kudzaza, basi.

Iye anakuletsani kukhudza, sanakuletseni kukhala pafupi. Kokani mpando madzulo ano, manja muike m'thumba, mumupemphe akufotokozereni ngati ndinu kasitomala wosadziwa kanthu. Mufunseni kuti magetsi akudzera pati kapasita ikamadzaza, nanga akudzera pati ikamatha. Azilondola ndi chala chake pa waya. Akafika pa dayodi, inu muziyang'ana kudenga. Musatsokomole, musaloze ndi mlomo, ndikudziwa machenjera a abambo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akapanda kuona, muuzeni poyera kuti pali chimene mwaona, ndipo muli okonzeka kunena akafuna. Akakana, lemekezani. Mwana wowotcherera mwaudongo chonchi afika yekha, ndipo ngakhale atakhoza mochepa, akhala atakhoza ndi mutu wake.

Koma zotembenuza mobisazo iwalani. Mphunzitsi sangoyang'ana mano a sowo, adzamufunsa chifukwa chake dayodiyo yayang'ana uko. Mwana wanu adzaima pamaso pa kalasi ija wopanda yankho, ndipo adzadziwa bwino amene wamuimika pamenepo.

Aphungu