Alamu Sanalowe m'Bayosi

14 Ogasiti

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja ukupola ndipo madokotala akumeneko akukusamalirani bwino. Kuno tilipo, koma pali nkhani imene ndikufuna muimve kwa ine ena asanakuimbireni.

Pochoka munasiya shopu m'manja mwa alamu, amuna a mng'ono wanga. Sindinadandaule. Koma sabata yachiwiri yokha anandichotsa pa benchi, pamene ndamangirapo makompyuta zaka zisanu ndi zinayi, n'kundiika pa kauntala kuti ndizigulitsa mawaya. Akuti ndimataya nthawi m'bayosi, kapulogalamu koyambirira kaja kolamulira zipangizo za m'kompyuta. Ananena makasitomala ali pomwepo: "Alamu, makina a masiku ano amadzikonza okha. Zolowa m'bayosizo n'za agogo." Anthu anaseka. Ine ndinamwetulira, koma mtima unali utapsa.

N'zoona kuti makina ambiri atsopano amayaka osawakhudza. Koma inu munandiphunzitsa kuti bokosi la kompyuta silitsekedwa usanalowe m'bayosi kukaona liwiro la zipangizo monga ramu ndi mafani, komanso disiki yoyambira. Mphindi zisanu basi.

Kenako kunabwera mayi wojambula maukwati, akufuna kompyuta yamphamvu yolumikizira mavidiyo. Alamu anaimanga okha, ndi choziziritsa cha madzi, uku akuimba likhweru. Ndikudutsa ndi tsache ndinaona kuti pampu yoyendetsa madziwo ailumikiza pa bolodi ya kompyuta, pa mapini a fani wamba. Mukudziwa inu kuti pamenepo bolodi imaichepetsa liwiro, pokhapokha munthu atalowa m'bayosi n'kuiuza kuti izithamanga nthawi zonse. Iwo sanalowe. Anatseka bokosi, kupukuta galasi, n'kupereka.

Bambo, ndinaona ndipo ndinakhala chete. Ndikuvomera.

Mayiwo anabwerera katatu. Kompyuta inkatentha n'kuzima ntchito ili pakati. Alamu anasintha ramu, anasintha mawaya onse, ulendo wachitatu anati mwina magetsi a kunyumba kwa mayiwo ndi ovuta. Ine pa kauntala ndinkangomwa tiyi wanga pang'onopang'ono, ndipo kunena zoona ankakoma.

Lachisanu lapitali mayiwo analowa atanyamula okha bokosilo, maso ali psuu. Banja lina linawalanda ntchito chifukwa vidiyo ya ukwati inachedwa. Anati, "Mundikonzere lero, apo ayi aliyense amene ndimamudziwa amva za shopu ino." M'shopu munali modzaza, ndipo alamu thukuta linali kamukamu.

Ndinadikira mpaka anandiyang'ana. Ndinadikirabe mpaka anatsegula pakamwa.

"Alamu, tathandizani."

"Ndilowe m'za agogo zija?" ndinafunsa mokweza.

"Lowani," anatero, mawu ali pansi.

Ndinayatsa, kulowa m'bayosi, kukweza liwiro la pampu, n'kukonzanso liwiro la ramu limene nalonso analisiya. Ndinaika vidiyo yolemera ndipo makinawo anagwira ola lathunthu osatentha. Tsiku limenelo palibe anaseka.

Koma nditawanyamulira bokosi mpaka pakhomo, mayiwo anandifunsa, "Inu munazidziwa liti zimenezi?" Ndinayang'ana pansi. Anati, "Ndiye munkandiona ndikubwerabwera?" Anachoka osatsanzika. Chimenechi chokha n'chimene chikundipweteka. Za alamu sindikumva chisoni ngakhale pang'ono, ndipo musayembekezere kuti ndinamizire.

Kuyambira tsikulo alamu sanapondenso m'shopu. Lolemba mng'ono wanga anabwera ndi makiyi, n'kuwaponya pa kauntala osandipatsa moni. Akakuimbirani adzati ndinachititsa manyazi amuna ake dala, ndipo sadzakhala akunama.

Pempho langa ndi limodzi. Ndilembereni, ndi dzanja lanu, kuti benchi ndi yanga, kuti mawa wina asadzandichotsenso. Zopepesa musazitchule, chifukwa sindinakukanirenipo kanthu chibadwire ndipo sindikufuna kuyambira pamenepa.

Moni kwa Amayi, muwauze kuti maluwa awo ndikuthirira. Zidzukulu zanu zili bwino, ndipo wamng'ono uja akuti wayamba kuyenda. Ndamva kwa anthu oyandikana nawo, poti pakhomo pa mng'ono wanga sinditseguliridwanso.

Ndine mwana wanu wamkulu.